Mbale Zobiriwira ndi Mbale Zofiira

Chaka chatsopano cha Atchaina chikamayandikira, pachilumba chonse cha Penang tsache silipuma. Aliyense amafuna kuti fumbi la chaka chakale lituluke chikondwerero chisanafike, ndiye foni ya Khoo Mei Fong inkangolira ngati khanda lanjala. Kampani yake yoyeretsa m'maofesi inali ya anthu asanu ndi anayi, galimoto imodzi ndi makina awiri okolopera, koma mayiyu mawu oti "ayi" anali asanawaphunzire.

Mkati mwa piringupiringuyo munagwa ntchito yonona. Fakitale ina ya ku Bayan Lepas inkafuna kuti kantini yake itsukidwe Lamlungu, kuyambira kudenga mpaka supuni yomaliza. Woyang'anira kantiniyo, Mayi Rohaya, sanabise mawu pa foni.

"Mukatisangalatsa, ntchito ya chaka chonse ndi yanu. Koma mubwere Lachisanu, ndidzakuyendetseni muone ndi maso anu. Zina sizinenedwa pa foni."

Ya chaka chonse! Mei Fong anali atatopa ndi maganyu a lero pano mawa uko. Vuto linali lakuti Lachisanu lomwelo anali atalonjeza kale mahotela awiri. Anayang'ana uku ndi uku, maso nagwera pa mwamuna wake, Ah Lok, amene ankadzikupiza ndi nyuzipepala pakhomo.

"Bambo a Jia Hui, mupite ndinu ku fakitaleko. Mukatsegule makutu, osati kukamwa."

"Ine? Mayi, makutu anga ndi a njovu. Palibe chingandidutse."

Ah Lok anabwerako akunyambita milomo. "Anthu abwino bwanji! Mpunga wa kokonati, nkhuku ya tsabola, tiyi makapu awiri. Makhitchini alipo awiri, pansi pali mafuta, zonse ziwale pofika folo koloko."

"Basi?"

"Mayi aja ndi olongolola, koma mutu wa nkhani ndi womwewo. Ziwale."

Pofika Loweruka zinaonekeratu kuti manja a Mei Fong sakwanira. Anachita zimene aliyense pa ntchitoyi amachita mphika ukasefukira: anaimbira Bishnu, bambo wa ku Nepal amene anali ndi gulu lake la anthu asanu ndi mmodzi, lotola ntchito zimene makampani akulephera kumeza. Pangano lake ndi lodziwika. Mumagawana mtengo, iwo amavala malaya a kampani yako, ndipo mwini malo amangoti ndi anthu ako.

"Abwana, ife tinazolowera mawindo ndi makapeti," anatero Bishnu. "Kantini sitinatsukepo. Pali chimene ndiyenera kudziwa?"

"Achimwene, mbale ndi mbale. Sopo, madzi otentha, ziwale. Kodi kwanu mumadyera pa masamba?"

Lamlungu anthu a Bishnu anaigwira ntchito ngati akuthamangitsidwa. Anatsegula chitseko chapakati pa makhitchini awiriwo kuti asamazungulire. Mbali ina anapeza mbale zobiriwira, inayo zofiira. Anati kutaya nthawi n'kwa chiyani, nazithira zonse m'beseni limodzi lalikulu, pamodzi ndi mapoto, mipeni ndi matabwa odulirapo nyama. Pomaliza anazisanja mokongoletsa, yobiriwira, yofiira, yobiriwira, yofiira, mpaka pamwamba. Bishnu anatumiza chithunzi cha pansi ponyezimira, Mei Fong n'kumwetulira yekha ali pa makwerero ku hotela.

Folo koloko itangokwana foni inalira. Anali Mayi Rohaya. "Mayi Khoo, bwerani. Panopa."

Mei Fong atalowa ndi mwamuna wake n'kuona milu ya mbale ija, anagwira pakamwa. Munthu wobadwira mu Penang safunika kumuuza. Zobiriwira ndi za khitchini ya Asilamu. Zofiira ndi za mbali imene amaphika nkhumba. Chitsegulireni kantiniyo mbalezo zinali zisanakhudzanepo. Mbali iliyonse inali ndi sinki yake, masiponji ake, ngakhale chokolopera chake.

"Ndinawauza amuna anu katatu," anatero Mayi Rohaya, mawu ali pansipansi. "Chitseko ichi chisatsegulidwe. Ndinawalembera ndi pepala lomwe."

Maso onse anapita kwa Ah Lok. Iye anapisa m'thumba la thalauza, n'kutulutsa kapepala kokwinyika, konyowa mafuta mpaka kumaonekera kuseri.

"Ndi limeneli? Ine ndinakulungiramo nthochi zokazinga zimene munandipatsa za panjira zija."

"Njovu yanga," anatero Mei Fong, "khalani chete."

Sopo sakanathandiza. Chilichonse cha mbali yobiriwira chinayenera kutsukidwa kasanu ndi kawiri, kamodzi ndi madzi a dothi, ndipo otsuka ake Asilamu odziwa mwambowo. Khitchiniyo inatsekedwa Lolemba lonse. Antchito a m'fakitale oposa mazana atatu anakadya kunja kwa mpanda, dzuwa likuwaphika m'mutu, akufunsana kuti kampani yake ndi iti. Dzina linali losavuta kulipeza, linali pamsana pa malaya aliwonse.

Mei Fong anathera tsikulo pa foni, kupepesa uku, kukalipa uko. Bishnu sanathawe. Anatunga madzi, ananyamula zidebe, kenaka anayamba kulondola Mayi Rohaya ndi kabuku m'manja.

"Amayi, nanga thebulo ili ndi la mbali iti? Nanga munthu akakolopa uku, angalowe uko ndi nsapato zomwezo? Pepani, nenaninso pang'onopang'ono, ndikulemba."

Lachitatu Mei Fong anavala bwino, anagula dengu la manachesi, n'kupita yekha kukagwada. Mayi Rohaya anamulandira ndi tiyi, anasenda nachesi imodzi n'kumugawira theka.

"Mkwiyo watha, achemwali. Koma ntchito ya chaka ndapereka kwa Bishnu."

"Bishnu? Amene anasakaniza mbale uja?"

"Yemweyo. Iye analakwa chifukwa sanauzidwe, ndipo akuti anafunsa. Inu ndinakuitanani, munanditumizira mlendo wodzadya nkhuku. Ine ndikufuna munthu woti ndikamayankhula ndizimuona nkhope."

Potuluka, Mei Fong anakumana ndi Bishnu pageti akutsitsa zidebe zatsopano, zina zobiriwira, zina zofiira. Bamboyo anavula chipewa mwaulemu.

"Abwana, musadandaule. Ntchito ikandichulukira ndidzakuimbirani. Koma mudzabwere nokha, ndidzakuyendetseni."

Mei Fong anafuna kumutukwana, koma chimene chinatuluka chinali chiseko. Akanatani? Munthu ukhoza kutuma mnzako kukakolopa, kukatsuka, kukakwera makwerero, manja a ganyu amapezeka. Koma pamene mwini ntchito akunena chimene akufuna, pafunika makutu ako omwe. Akuluakulu anaziona kale izi pamene anati kandimverere anakanena za m'maluwa.