Wenzulo wa Frackson

Pakhonde la kwa Kabaghe, ku Kaseye, Dailesi ankapeta mawere pamene mlongo wake Frackson anatulukira, chikwama chili kumsana, tsitsi lili mbuu ndi fumbi la mumsewu. Mnyamatayu anali m'chaka chomaliza ku yunivesite ina kummwera, kumene ankaphunzira za magule: kavinidwe, mbiri yake, ndi kapekedwe ka gule watsopano. Anthu a m'mudzimo ankadabwa kuti munthu n'kukwera basi ulendo wonsewo kukaphunzira chinthu chimene mwana aliyense amachita pabwalo, koma mayi ake sankazimva zimenezo. Iwo anali atasoketsa kale diresi yoti akavale pa tsiku lomwe mwana wawo adzalandire digiri, ndipo mpingo wonse unkadziwa mtundu wake.

Kunena zoona, kuvina Frackson ankavinadi. Mwinoghe, gule wa makolo ake ochokera ku Misuku, anali m'magazi mwake. Amuna akandanda uku, akazi uku, ng'oma zikayamba, iye ankaima pakati ndi wenzulo pakamwa. Akaliza, mizere inkatembenuka. Akafuula, mapazi ankasintha. Gulu la ku Kaseye lidazolowera zimenezi kotero kuti panalibe woloweza kanthu. Aliyense ankangotchera khutu kwa Frackson.

Ku yunivesite nakonso luso lomweli ndilo linkamudyetsa. Kukabwera alendo, woitanidwa anali iye. M'manja mukawombedwa, ankaona ngati maphunziro atha. Phunziro la mbiri ya magule ankalowa mwa apo ndi apo, ndipo la kapekedwe ankakhala kumbuyo n'kumasinza, ati mwendo suwerenga buku. Mayeso olemba ankangodutsira pa kabowo ka singano.

Tsono mayeso omaliza anali ena. Wophunzira aliyense ankayenera kupita kwawo, kukapeka gule watsopano ndi anthu akumeneko, kenaka aphunzitsi abwere adzaone. Lamulo linanenedwa poyera chaka chikuyamba: wopeka savina, satsogolera, salankhula. Amakhala pampando pambali pa aphunzitsi, gule n'kumayenda yekha. Wolephera pamenepa digiri ankaionera patali mpaka chaka china.

Tsiku lina Uchizi, mtsikana wa m'kalasi mwake wochokera ku Nthalire, anapatuka kudzamuona. Anapeza fumbi lili koboo, Frackson ali pakati, wenzulo akulira.

"Iwe Frackson," anatero Uchizi atapumira, "tsiku lija sudzakhala m'bwalo yayi. Anthuwa aphunzitse kuti azidziwa okha chotsatira."

"Mdumbu wane, mlongo wanga, usavutike," anayankha Frackson akupukuta thukuta. "Aphunzitsi athu, a Dokotala Makwinja, amandidziwa. Akadzangondiona ndalowa, cholembera chidzawagwa m'manja."

"Lamulo lija analinena uli pomwepo."

"Malamulo amaikira anthu osatha kuvina. Iwe kalimbane ndi azimayi ako a ku Nthalire."

Uchizi anabwerera kwawo, kumene ankabwereza chigawo chimodzimodzi ndi azimayi aja mpaka mawu kusasa, iye atakhala pachitsa, osaponya phazi.

Dailesi, yemwe ankatsogolera mzere wa akazi, anali atamva zonse. Popita kunyumba anayesa naye.

"Adumbu, bwanji mundiphunzitse ine wenzuloyo? Inu mukadzakhala pansi, ine ndidzaliza."

"Kuti anthu adzati gule wayenda ndi Dailesi?" anaseka Frackson. "Wenzulo sabwereketsa. Iwe samala mzere wako basi."

Masabata anatha chotero. Madzulo aliwonse gule ankakoma, anthu odutsa pa njinga ankatsika kudzaonerera, ndipo Frackson ankawonjeza madumphidwe atsopano, onse ake yekha.

Aphunzitsi awiri anafika m'mawa wina wa mphepo, anthu atakolola kale, galimoto yawo itafiira ndi dothi. Bwalo la sukulu ya pulayimale linadzaza. Mayi ake a Frackson anakhala kutsogolo pamphasa. A Dokotala Edna Makwinja, mayi wosachulutsa mawu amene ankaphunzitsa kapekedwe, anapereka moni kwa akuluakulu, kenaka analoza mpando umene unali pambali pawo.

"Khala apa, Kabaghe. Wenzuloyo ika pathebulo."

"Madamu," anatero Frackson akumwetulira, "gule ameneyu popanda ine ndi ngolo yopanda ng'ombe. Mundilole ndingoyambitsa."

"Kuvina kwako tidakuona chaka choyamba, ndipo malikisi ake tidakupatsa. Lero tabwera kudzaona zimene waika mwa anthu ena."

Frackson anayang'ana mphunzitsi winayo, bambo wa magalasi, koma iye anali kalikiliki kupukuta magalasi akewo. Frackson anakhala pansi.

A Mackson, mkulu wa oimba ng'oma, anayambitsa. Mizere iwiri inalowa bwino ndithu, mapazi akugunda pamodzi, ziuno zikupotokola. Itafika nthawi yotembenuka, maso onse anapita ku mpando uja. Wenzulo sanalire. Ovina anabwereza sitepe yomweyo, anaibwerezanso, nkhope zitayamba kuuma. Mnyamata wina wakumapeto anatembenuka yekha n'kuwombana ndi mnzake. Dailesi anayesa kufuula monga ankachitira mlongo wake, koma akazi ena anamutsata, ena anaima, amuna sanamumve n'komwe. A Mackson nawo manja ankaimba koma khosi litapotokera kwa Frackson. Pansi pa mpando, mapazi a Frackson ankavina gule yense molondola, popanda wowaona.

Ng'oma zinazima imodziimodzi. Panamveka mphepo yokha ndi mwana wina akulira kumsana.

A Dokotala Makwinja sanakwiye. Anatembenukira kwa wophunzira wawo n'kumupatsa mpata wina.

"Chabwino. Tatiuza zimene timayenera kuona. Pa mwinoghe wa makolo ako wasinthapo chiyani, ndipo chifukwa chake n'chiyani?"

Frackson anadzuka kuti asonyeze.

"Ayi, khala pansi. Ndi pakamwa."

Frackson anakhalanso pampando. Za kumene guleyo anachokera ankangodziwa kuti ndi ku Misuku. Za chimene anafuna kuti oonerera amve, anali asanadzifunsepo. Anayang'ana pansi, ndipo kwa nthawi yoyamba chibadwire anachita manyazi pabwalo la gule.

"Tidzaonana chaka chamawa," anatero a Dokotala akuimirira. "Tili ndi ulendo wa ku Nthalire, ndipo akuti msewu si wabwino."

Mayi ake a Frackson sanamve Chingerezi chimene aphunzitsi aja ananong'onezana, koma mawu akuti chaka chamawa anawamva. Anapinda mphasa yawo mwakachetechete n'kulowera njira ya kunyumba, osatsanzika munthu.

Apo Frackson anatola wenzulo uja n'kudumphira m'bwalo. Analiza kamodzi, ng'oma zinadzuka, mizere inawongoka ngati palibe chachitika. Anavina tsiku limenelo kuposa masiku onse. Nthungululu zinamveka mpaka kutsidya, ana anakwera m'mitengo, azibambo anaponya zipewa m'mwamba. Koma galimoto ija inali itakhota kale pa mphambano, ndipo mwa anthu onse amene ankakuwa panalibe ndi mmodzi yemwe wopereka digiri.

Luso limodzi, ngakhale likome chotani, lili ndi pothera pake. Nyimbo imodzi sachezera gule.