Tsiku Limene Pulofesa Mvuu Anakacheza kwa Njuchi

Ana inu senderani kuno, nanunso a Chimbalanga lekani kusinza, nkhaniyi ikukhudza mwana wanu wa ku koleji uja.

Kalekale, nyama zinali ndi yunivesite yawo m'mbali mwa dambo. Kumeneko kunali Gologolo, kamtsikana kochangamuka. Ankaphunzira sosholoje, maphunziro a momwe anthu amakhalira pamodzi. Mphunzitsi wake anali Pulofesa Mvuu, chimphona chadyera, chosatuluka m'madzi pokhapokha chikamva fungo la chakudya.

Mvuu anali ndi buku limodzi lokha, lochokera kutsidya kwa nyanja. Chaka choyamba, zimbalangondo za kumaiko ozizira. Chaka chachiwiri, zimbalangondo zomwezo. Za maliro a kwa Njovu, za Nyerere zothandizana katundu, zii! Ukafunsa, iye ankangoti, "Zili m'buku?"

Chaka chomaliza Gologolo anatumidwa kukachita kafukufuku kwa Njuchi. Anakhala nazo mpaka mchira kutupa. Pobwera analemba kuti Njuchi n'zolimbikira ntchito, koma mlendo wolowa osaodira zimamuluma.

"Zili m'buku?" anatero Mvuu. "Buku likuti mudzi uliwonse umalandira wamkulu ndi mphatso. Walephera. Ubwereze chaka."

Gologolo anaganiza za kwawo. Mayi ake anali atalengeza kale m'mudzi monse kuti mwana akumaliza maphunziro, chimera cha thobwa la chikondwerero atanyika kale. Akafika bwanji wopanda gauni?

M'mawa mwake anabwerera, manja kumbuyo. "Aphunzitsi, wolakwa ndine, buku silinama. Komatu mphatso ya kwa Njuchi ndi uchi, zisa zodontha, zonona. Ine ndachepa. Atapita wamkulu ngati inuyo..."

Mvuu malovu chuchuchu! "Tsogola. Aitane anzako onse adzaone buku likugwira ntchito."

Atafika pamtengo wa Njuchi, Gologolo anafunsa, "Ndikuodireni?"

"Zili m'buku?"

"Ayi."

"Ndiye khala chete."

Mvuu chikamwa yasaa, mphuno kuphanga la Njuchi gwa! Njuchi wiii! M'makutu, m'mphuno, palilime. Mvuu liwiro la mtondo wadooka, m'dambo khuvuu! Akati avuuke apume, Njuchi pamphuno. Amire, mpweya watha.

"Gologolo mwanawe, zithamangitse!"

"Aphunzitsi, zikukulandiranitu. Buku latero."

"Zikuluma!"

"Zili m'buku?"

"Taya uko bukulo! Zimaluma! Wakhoza!"

"Kwezani mawu aphunzitsi, akumbuyo sanamve."

"Wakhozaaa!"

Apo Gologolo anayatsa udzu wauwisi, utsi tolotolo, Njuchi balala, kubwerera kwawo. Kamtsikana kanakhala pansi n'kupuma mpweya wautali. Mtima unakhala m'malo, ana inu, ngati watula mtolo wa nkhuni zonyowa. Gauni anavala, mayi ake nthungululu mpaka mawu kusasa, thobwa lija silinawonongeke. Chaka chotsatira ophunzira anayamba ndi maliro a kwa Njovu, zimbalangondo zija zinadikira kaye.

N'chifukwa chake mpaka lero Mvuu amangotulutsa maso ndi mphuno pamwamba pa madzi. Amayang'ana ngati kafukufuku akubweranso.

Yanga yathera pompa, wotsala ndi mbatata pamoto andigawireko. Ndipo a Chimbalanga, mwana wanu akabwera ndi mabuku ake, musamunyoze ayi. Ingomutumani akafule uchi, tione ngati aodire.