Nkhanu Woonera Mbalame ndi Nkhandwe wa Kumtunda

Kalekale, nyama zikadayankhula ngati inu ndi ine, kunali Nkhanu amene ankakhala kugombe la nyanja yamchere, pafupi ndi pamene mtsinje umathira. Tili tonse? Tiyeni.

Nyanja imeneyo ndi yosiyana ndi madzi amene tidazolowera kuno. Kawiri pa tsiku madzi ake amaphwa n'kusiya mchenga poyera, ndipo kawiri pa tsiku amabwerera. Zimenezi muzisunge.

Nkhanu anali ndi ana asanu mu una wake, ana a zigoba zofewa. Analinso ndi khalidwe limene anzake sankalimvetsa. M'mawa uliwonse, akadyetsa anawo, ankayenda m'mphepete mwa madzi kukaonera mbalame. Sankazitchera msampha. Sankazipempha kanthu. Ankangoonera basi.

Mlamu wake Nkhono ankamudikira pakhomo kuti amuseke.

"Alamu, lero mwatitengera chiyani?"

"Ndaona Mphipi," anatero Nkhanu. "Amamira apa, iwe n'kumamudikira pomwepo, iye n'kukavuuka uko."

"Ndiye tithire mchere zimenezo tidye?" anatero Nkhono.

Tsiku lina anafunsanso. "Alamu, lero mwatitengera chiyani?"

"Ndaona kambalame kaja ndimakatcha Kathamanga. Khwangwala anayandikira mazira ake. Iko kanayamba kukoka phiko pansi ngati lathyoka. Khwangwala anasiya mazira n'kukatsatira mpaka kutali. Kenaka kanauluka, phiko lili bwinobwino."

"Maso adzakutalikani, alamu," anatero Nkhono.

Tsiku lachitatu funso linali lomwelo. "Alamu, lero mwatitengera chiyani?"

"Ndaona akakowa. Madzi akaphwa amadya pachisumbu cha mchenga chija. Akangonyamuka onse pamodzi, dziwani kuti madzi ayamba kubwerera. Ndipo amayambira kumbuyo, m'khwawa la pakati pa chisumbu ndi gombe."

Nkhono anaseka mpaka kulowa m'chigoba. "Ana a anzanu akunenepa, anu azidya nkhani za akakowa!"

Chaka chimenecho mvula inavuta kumtunda. Nkhandwe, amene anali asanaonepo nyanja, anatsatira mtsinje ndi njala yake mpaka anafika kugombe. Ananunkhiza apa, ananunkhiza apo, n'kupeza una wa Nkhanu. Anayamba kukumba.

Nkhanu pochokera koonera mbalame anaona mchenga ukuuluka pakhomo pake. Anamva ana akulira pansi. Anayang'ana mlamu wake, koma Nkhono anali atadzitsekera m'chigoba, zii. Kumenyana ndi Nkhandwe sakanatha. Kuthawa akanatha, koma ana akanatsala.

Pamenepo anakumbukira Kathamanga. Anapinda mwendo umodzi, n'kuyamba kuukoka pamchenga pafupi ndi mphuno ya Nkhandwe.

"Mayo ine, mwendo wanga! Mayo ine!"

Nkhandwe anadzutsa mutu. "Pepani mayi, mwavulala?"

"Ndathyoka, achimwene. Chonde musandidye. Ndine wonona, inde, koma musandidye."

"Kukumba n'kotopetsa," anatero Nkhandwe, "chonsecho ndiwo yabwera yokha."

Anasiya una n'kudumpha. Nkhanu anasendera pang'ono. Anadumphanso. Nkhanu anasenderanso pang'ono, akulira. Anadumpha kachitatu, ndipo apo n'kuti ali m'khwawa muja, mouma, mchenga wokhawokha.

Nkhandwe anaima. "Kodi mayi, madzi a muno adapita kuti?"

"Aphwa, achimwene."

"Ngati kwathu," anatero Nkhandwe. "Madzi akaphwa, aphwa. Mpaka mvula."

Nkhanu anangokoka mwendo wake kukwera pachisumbu. Kumeneko mphamvu zinamuthera ndithu, ndipo Nkhandwe anamupanikiza ndi phazi.

Nkhanu anayang'ana kunsonga ya chisumbu. Akakowa anali akadali pansi, akujompha. Nthawi inali isanakwane. Akanadyedwa pamenepo, Nkhandwe akanabwerera wapansi kukamaliza kukumba.

"Achimwene, mwandigwira, sindikukana. Koma kodi kwanu mlendo amayamba kudya eni khomo asanamalize?"

"Eni khomo ndani?"

"Azibambo ovala zoyerawo. Mchenga uno ndi wawo. Wodya iwo asananyamuke, mchere wa m'nyanja umamutupitsa mimba."

Nkhandwe anali wadyera, koma mimba yake ankaikonda. Anakhala pansi, phazi lili pamsana pa Nkhanu.

"Anyamuka?"

"Ayi, achimwene."

Anadikira. "Anyamuka?"

"Pang'ono, achimwene."

Anadikiranso, malovu akuchucha. Kenaka akakowa anatambasula mapiko onse pamodzi, mbuu, kulunjika kumitengo ya kugombe. Mtima wa Nkhanu unakhala pansi.

"Anyamuka!" anakuwa Nkhandwe.

"Anyamukadi. Koma taonani mchenga uli thupi lonseli. Mukufuna ukulaseni m'mano? Ndiviikeni m'madzimu kamodzi."

Nkhandwe anamukankhira m'madzi ndi phazi. Nkhanu anamira ngati Mphipi. Nkhandwe anayang'anitsitsa pamene anamirapo. Anadikira, anadikira, anadikira.

"Mayi, mwayera tsopano, tulukani!"

Mawu anamveka kumbuyo kwake, kutali. "Ndayera, achimwene! Zikomo pondisambitsa!"

Nkhandwe anatembenuka. Nkhanu anali kugombe, akuthamanga ndi miyendo yonse, wopanda wothyoka ndi umodzi womwe. Ndipo pakati pawo, m'khwawa mouma muja, munali madzi othamanga.

"Madziwa achokera kuti? Mvula sinagwe!"

"Kuno sitidikira mvula!" anayankha Nkhanu.

Madzi anafika m'mapazi. Anafika m'maondo. Anafika m'mimba. Chisumbu chinamira, Nkhandwe n'kuyamba kusambira, ndipo madzi anamukokera kukamwa kwa mtsinje. Ena ponena nthanoyi amati anafera pomwepo, ena amati anamezedwa ndi chinsomba. Kumeneko n'kuwonjezera. Nkhandwe anatulukira tsidya lina la mtsinje, atamwa madzi amchere mpaka mimba kutupa monga anamuuzira Nkhanu. Anasanza, anadzikutumula, n'kulowera kumtunda osacheuka. Kugombe kuja sanapondekonso.

Nkhanu anafukula khomo lake. Anawerenga ana: mmodzi, awiri, atatu, anayi, asanu. Onse amoyo. Anawatulutsa padzuwa, navina nawo pamchenga, mafunde akuwaombera m'manja.

Nkhono anasuzumira m'chigoba. "Alamu, kodi chilombo chija chapita?"

"Chapita. Bwanji lero simukufunsa chimene ndakutengerani?"

Nkhono anati, "Mawa mukamapita koonera mbalame, mundidzutse."

"Ndi mayendedwe anuwo? Nyamukani lero, alamu, tikakupezani panjira."

M'mawa mwake Nkhanu anatuluka ndi ana ake asanu pambuyo, onse maso kumbalame. Poti nkhope zinali kunyanja pamene ulendo unali wotsata gombe, ankayenda cham'mbali. Mpaka lero nkhanu imayenda cham'mbali, ndipo maso ake adatalikadi monga ananenera Nkhono, ali pamwamba ngati pa timitengo. Nkhono naye akadali panjira.

Phunziro lake ndi ili: kupenyetsetsa si ulesi. Chimene waona modekha lero chidzakuwombola tsiku limene mphamvu zidzakuchepera. Ndipo iwe mlendo, usayese madzi a eni ake ndi madzi a kwanu.

Nthano yanga yaphwera pamenepa. Amene anakwirira mbatata paphulusa akafukule isanapserere.