Mailo a Ba Oliver

Ku dera la Nottie Broadie, m'tauni yathu ya m'mbali mwa Zambezi, kunalibe munthu wosaidziwa galimoto ya ba Oliver Mwaanga, chifukwa kunalibe munthu amene sanaikankhepo. Bambowa atapuma ntchito ku njanji anagula kagalimoto kakale kotuwa, n'kumakapukuta m'mawa uliwonse mpaka kuwala. Kunja kokha. Za m'kati ankati adzaona.

Vuto linayamba ndi kanyali kofiira kooneka ngati batire, kamene kanayaka kutsogolo kwa chiwongolero n'kukana kuzima. Makaniko wawo, ba Akapelwa, anangoyeza kamodzi n'kupukusa mutu.

"Ba Oliver, batire ili bwino. Chamene chafa ni olitaneta, ija ibweza moto mu batire injini ikamayenda. Manje motoka yanu ikudya chabe, siikulima. Siyani lelo, nizakonza."

"Nizabweletsa mailo," anatero ba Oliver.

Mawu akuti mailo ndi achinyengo. M'tauni muno amatanthauza mawa, amatanthauzanso dzulo, ndipo ba Oliver ankangodziwa nkhope yake imodzi. Ndalama sizinali vuto, ayi. Chinkawavuta n'kugona usiku umodzi galimoto ili kwa munthu wina, anthu n'kuwaona akuyenda pansi m'tauni.

Ndiye onani nzeru zimene munthu wamkulu, wa imvi zake, anatulukira. Kanyali kaja anakamata ndi kapepala kolembedwa vesi, kuti kasamawayang'ane. Madzulo ankazula batire, kulinyamula mpaka m'khitchini n'kulilumikiza kumagetsi pafupi ndi firiji. Wailesi ya m'galimoto analetsa. Hutala analetsa. Poimika ankasankha potsetsereka, ndipo poti tauni yathu inapendekera kumtsinje, potsetsereka sipankasowa. Miyezi itatu! Ntchito yonseyi inkaposa ulendo umodzi wa kwa Akapelwa, koma ukawauza, iwe ndiye wolakwa.

Akazi awo, ba Gladys, analankhula mpaka pakamwa kuuma.

"Batate ba Chipego, khitchini yanga yasanduka galaji. Muzaipeleka liti?"

"Mailo, mayi. Nakuuza kale."

"Mailo yanu ilibe miyendo, siifika."

Mwana wawo Chipego anali atakhala zaka ziwiri pakhomo chimalizireni maphunziro a zolandira alendo. Makalata ofunsira ntchito analemba mpaka dzanja kuwawa. Tsiku lina loji ina ya m'mbali mwa Zambezi inamuitana kuti akaonekere Lachinayi, naini koloko, ndipo uthengawo unanena poyera kuti wochedwa asavutike n'kubwera. Malo anali amodzi. Mtsikanayo anachapa bulauzi yoyera, nakonza zokwera takisi.

"Takisi? Mwana wanga akwele takisi ine nili na motoka? Anthu azakamba chani?"

"Ba Dadi, motoka yanu ija..."

"Motoka yanga ili chabe bwino. Nizakupeleka mpaka pa geti."

Ba Gladys anakumbutsa kuti magetsi anazima dzulo lake madzulo ndipo batire silinamwe kanthu. Ba Oliver anati lili ndi mphamvu yotsala, akulidziwa batire lawo. Chipego anayang'ana amayi ake, nakwera. Bambo ako ukawakana pamaso pa anthu, udzawayang'ana bwanji mawa?

Anatsetsereka bwinobwino mu Mosi-oa-Tunya Road, kudutsa mabanki ndi mashopu, ba Oliver akuimba mluzu. Atatuluka m'tauni, pamene msewu umagona chathyathyathya pakati pa tchire, anapeza galimoto zitatu zitaima. Njovu zinali kuoloka, gulu lonse ndi ana omwe, ndipo njovu sizifunsa kuti uli ndi changu. Ba Oliver anaponda buleki. Mivi ya kutsogolo kwa chiwongolero inanjenjemera, injini inatsokomola kawiri, basi zii.

Anapotoza kiyi. Kunangomveka kuti tcha, tcha.

Kutuluka kuti akankhe sakanatha, chifukwa chinjovu chachikazi chinaima pafupi, chikuthyola nthambi mosapupuluma. Kutseka magalasi sakanathanso, poti nawo amayendera moto womwewo. Anakhala choncho, thukuta kamukamu, Chipego maso ali pa wotchi ya foni. Mtsikanayo anaimbira ku loji kawiri, osayankhidwa. Pofika twente tu naini njovu zinalowa m'tchire, galimoto zinzawo zinanyamuka, ndipo mayi wina anatsitsa galasi n'kufunsa ngati mtsikanayo akufuna kuthandizidwa.

Apa ndiye pamandipsetsa mtima ine. Mwayi unaima pambali pawo, injini ikulira.

"Pitani chabe, mayi, zikomo," anatero ba Oliver. "Chipego, kankha kamodzi, izalila."

Mwana wa anthu anavula nsapato zazitali n'kukankha, pamalo osatsetsereka ngakhale pang'ono. Kamodzi kanakhala kanayi. Galimoto inkangodumpha n'kufa, chifukwa batire likauma kotheratu ngakhale ukankhe mpaka ku mathithi a Mosi-oa-Tunya siilira. Pamene Chipego anatola nsapato zake n'kuimitsa minibasi, bulauzi ija inali ndi fumbi la buti ya galimoto pachifuwa ponse. Anafika pageti teni itadutsa. Mlonda anamumvera chisoni, koma geti sanatsegule.

Ba Oliver anabwerera galimoto yawo itamangidwa chingwe kumbuyo kwa galimoto ya Akapelwa, pang'onopang'ono, kudutsa m'tauni monse dzuwa lili pamutu, anthu aja ankawaopa akuonerera. Olitaneta ba Akapelwa anaikonza masana omwewo. Sinatenge ngakhale maola awiri.

Chipego sanalire pamaso pawo, sanawanyozenso. Anangolowa kuchipinda n'kutseka chitseko. M'mawa mwake ba Oliver anavala jekete, nayendetsa galimoto yawo yolira bwino mpaka ku loji kuja, kukapepesa kuti cholakwa chinali chawo, osati cha mwana. Mayi woyang'anira antchito anawamvetsera mwaulemu mpaka kumapeto.

"Pepani batate. Mapepala yake yanali yabwino maningi, tinamuyembekeza. Koma tinatenga munthu kale. Mukanabwela mailo."

Ba Oliver anaima pamenepo chipewa chili m'manja. Mailo aja anawalonjeza miyezi itatu anali atafika ndithu, koma anafika atatembenuka, ali kumbuyo kwawo. Mpaka lero Chipego akadali pakhomo, ndipo akamapita kutauni amayenda pansi, ngakhale bambo ake atamuimikira galimoto pambali.

Akuluakulu sananame: zengerezu adalinda kwawukwawu.