Nsomba Zodya Yisiti

Halvard Myklebust anali munthu woti akanena kuti mwala ndi buledi, umangomupatsa mpeni. Iye ndi mlongo wake Gunvor ankaweta nsomba za salimoni m'makola awiri a ukonde, oyandama panyanja ya kudziko lozizira la kumpoto, amene bambo awo anawasiyira.

Chaka chimenecho dokotala wa nsomba anawalangiza kuti tiana ta nsomba, tisanachoke m'matanki kupita kunyanja, tidye kwa milungu isanu chakudya chosakaniza ndi ufa wa yisiti, kuti chitetezo cha m'thupi chobadwa nacho chigalamuke msanga.

"Yisiti?" Halvard anaseka mpaka khofi kutayika. "Iwe Gunvor, tikuweta nsomba kapena tikuphika mabanzi?"

"Sekani, achimwene. Chisanu sichimva nthabwala."

Sabata yomweyo Halvard anatsanulira nsomba zake m'khola lake, n'kumazipatsa chonenepetsa chokhachokha. Gunvor anadikira milungu isanuyo osaphonya tsiku. Pofika Okutobala, za Halvard zinali zonona, ndipo mwini wake ankayenda chifuwa patsogolo ngati tambala.

Januwale anabwera ndi madzi oluma mafupa. Mabakiteriya a zilonda za m'chisanu analowa m'khola la Halvard. Anathamangira mankhwala n'kuwathira m'chakudya, koma nsomba yozizidwa ndiponso yodwala sidya, mankhwalawo ankangomira. M'mawa uliwonse ankavuula zakufa, matupi ali mabala okhaokha. Dokotala sanapite m'mbali: matendawo akafalikira kukhola la Gunvor, zonse ziphedwa, ndipo ntchito ya bambo awo ithera pomwepo.

Apa mantha anamugwira Halvard. Anatenga boti kupita kukhola la mlongo wake. Anavuula imodzi: khungu see! Ina: chimodzimodzi. Yachitatu inali ndi kachipsera kouma kale. Matenda anafikako ndithu, koma anapeza eni nyumba ali maso.

Bambo wamkuluyo anakhala pansi m'botimo, misozi ili chuchuchu.

"Bwanji, achimwene?" Gunvor, amene anali kale pakholapo, anafunsa akumupatsira khofi wotentha. "Mabanzi anga sanapse bwino?"

"Ndinyoze, chemwali, ndi nthawi yako. Koma ufa uja watsalako?"

Chipale chitasungunuka, tiana tatsopano titafika m'matanki, anthu anaona Halvard atasenza yekha matumba a yisiti, akukalipira aliyense wofuna kufulumiza milungu isanu ija. Khola lake linadzazanso, ndipo chisanu chotsatira chinadutsa chimanjamanja.

Akuluakulu sananame: mmera mpoyamba.