Mkuyu wa Nangondo

Kalekale, anthu akadavala nyanda, m'mudzi mwathu muno munali mayi wina dzina lake Nangondo, amene anabala agogo a agogo anu. Sanali wa kuno kumapiri ayi. Anabwera pa chitengwa kuchokera kuchigwa, kotentha kuja. Pobwera ananyamula chiyani? Mkeka, mtsuko umodzi, ndi nthambi ya mkuyu. Nthambiyo anaidula pa mtengo wa pakhomo pa malemu mayi ake, pamene a kwawo ankathirapo nsembe.

Sizinathe zaka ziwiri, nkhondo inamwaza mudzi wa kwawo, mitengo yomwe n'kupsa ndi moto. Mbale wake sanamuonenso ngakhale mmodzi. Chinamutsalira Nangondo ndi kamkuyu kaja basi, kamene anakazika kuseri kwa nyumba. Mayi ake anali pomwepo. Mwana akadwala, ufa ankathira pomwepo. Akakangana ndi mwamuna wake, ankakadandaula pomwepo.

Tsono chisanu cha kuno mukuchidziwa, chija chimayeretsa udzu ngati wawazidwa ufa. Mkuyu ndi mtengo wa kotentha, chisanu sugwirizana nacho. Chaka ndi chaka masamba ankapserera, nsonga n'kuuma. Nangondo ankaufunditsa udzu, kuumangira mphasa zakutha, kusonkha utsi m'mbali mwake. Anthu ankaseka, amvekere, "Taonani, mtengo wafunda, mwini wake akunjenjemera!" Iye osalabadira. Mkuyu unakula movutika, koma unakula, mpaka kupitirira denga.

Chaka china chisanu chinagwa choopsa, mtengo wonse unangoti mbee, wopanda tsamba. Koma pa mphanda, pamene thunthu limagawikana, panali kanthambi kobiriwira, masamba ake ang'onoang'ono, onyezimira. Nangondo analulutira.

"Amayi azolowera! Amayi azolowera chisanu!"

Mlamu wake, a Thawale, anali katswiri wosula nyanda, munthu wodziwa khungwa la mtengo uliwonse. Anafika, n'kuthyola tsamba limodzi, n'kulitikita ndi zala.

"Alamu, uwu si mkuyu wanu," anatero a Thawale. "Tsamba la mkuyu ndi lalikulu, lozungulira, lokhakhala. Ili ndi losalala. Uyu ndi kachere, mbalame ndiyo yamusiya apa ndi zitosi. Muzuleni lero."

"Ndizule dzanja la amayi anga?"

"Zipatso mudzazione. Nkhuyu zimabala m'magulu pa nthambi zikuluzikulu. Kachere amabala tating'ono ngati nandolo, m'khwapa mwa masamba."

"Inu a kumapiri mkuyu mwaudziwira kuti?" anatero Nangondo. "Munaona ndani akudziwa mayi wa mnzake kuposa mwana wake? Nkhwangwa yanu isayandikire pano."

Nkhutukumve ameneyo! Mukuganiza kuti anangokasiya kanthambiko? Ayi ndithu, anachita choposa. Kanayamba kugwetsa timizu tolendewera, tofiira, tofunafuna nthaka. Nyengo ya dzuwa timizu tija tinkauma tisanafike pansi. Nangondo anang'amba nsungwi, n'kudzazamo dothi lonyowa, n'kulowetsamo timizuto kuti titsike bwino. M'mawa uliwonse ankathirira ndi madzi otunga yekha kudambo, zala zitauma ndi kuzizira. Timizu tinafika pansi, tinanenepa, tinakumbatira thunthu. Tinakumbatira, tinakumbatira, mpaka khungwa lachikasu la mkuyu linkangooneka m'mipata.

Mtengo unasanduka chimtengo, wobiriwira chaka chonse, osafunanso chofunda. Masamba aakulu aja ankachepa chaka ndi chaka. Tizipatso ta nandolo tinabwera monga ananenera a Thawale, koma Nangondo anati ndi chisanu chachepetsa nkhuyu. Munthu akafuna kukhulupirira, abale anga, ngakhale mumutsegule maso ndi zala, saona.

Zinapita zaka makumi awiri ndi mphambu. Nangondo imvi zili mbuu, mwana wake wamkazi anali ndi pakati potopa, ndipo matenda anayamba movuta. Dzuwa lili paliwombo, Nangondo anathamangira ku mtengo ndi ufa m'chipanda. Tsiku limenelo kuthira ufa pansi sikunamukwanire, anafuna kuwagwira mayi ake. Anapisa dzanja pa mpata wa mizu kuti akhudze khungwa lija.

Dzanja linangolowa. Linalowa mpaka m'chigongono, mpaka m'phewa. Potulutsa, linali lodzaza fumbi la chikuni chofumbwa, chiswe chili yakaliyakali.

"Mayo ine!"

Anazungulira mbali ina, kupisanso. Mphako. Mbali ina, mphako. Anayang'ana kumwamba kufuna tsamba limodzi lokha lokhakhala, osalipeza. Ha! Mkuyu unafa kalekale, woima uja anali kachere yekhayekha. Anthu anathamangira kukuwako poyesa kuti mwana uja watisiya, n'kupeza Nangondo wakhala pansi, miyendo tambalale, kukamwa yasa.

A Thawale anafika ndi ndodo yawo, atakalamba nawonso. Sananene kuti ndinakuuzani. Anangotsamira ndodo yawo, n'kuweramitsa mutu.

"Alamu," anatero Nangondo, "zaka zonsezi ufa wanga amadya ndani? Amayi anga amafa ndi kukanyangidwa pakhosi, ine ndikutungira madzi wowakanyangayo?"

Mwana uja anachira, khanda linabadwa lamoyo, ndiye mtundu wathu uno. Koma Nangondo sanathirenso nsembe mpaka kufa kwake. Ankati sadziwa koitanira.

N'chifukwa chake ife a kwa Nangondo, tikaona chomera pa mphanda ya mtengo, sitifunsa mtima, timafunsa tsamba. Timathyola, timatikita, tikakayika timapita nalo kwa wodziwa, ngakhale akhale munthu amene sitimukonda. Chikakhala chachilendo timazula tsiku lomwelo, chikadali chozulika ndi zala ziwiri. Chimene ukuchikonda kwambiri ndi chimene uyenera kuchiyang'anitsitsa, chifukwa Nangondo sanataye mayi ake ndi ulesi ayi, anawataya ndi khama.