Mpanda wa Nangozo pa Dooko la Ng'ona

Kalekale, mijigo isanabwere, m'mudzi wina wa m'mbali mwa mtsinje munali nyumba ziwiri zogundana, ina yaikulu, ina yaing'ono. Makoma ake anali a bango, osamata. Wina akatsokomola uku, uko ankamva.

Tsiku lina m'mawa, m'nyumba yaikuluyo munabuka mkangano.

"Ndati phala lili kuti, a Nakwenda?"

"Phala? Ndiphike ndi chiyani, a Kaphwiti? Ndi malovu? Madzi ali kudooko. Kudooko kuli ng'ona. Mwini dooko ndinu. Nyamulani mtsuko mukatunge!"

"Tsitsani mawu, mayi, anthu amva."

"Amve! Mwathira ufa, mwathira mowa, mwapha nkhuku yoyera. Ng'ona yadya nkhukuyo, yadya ndi mwana wanga yemwe. Kuyambira lero muzidziotchera chimanga nokha. Ine sindikuphikiraninso."

Kenaka kunamveka timawu tating'ono, ngati si ta munthu wa ndevu.

"Nanga nditani ine? Mizimu yasiya kundilotetsa. Ndikatseka maso ndimangoona mano. Ndiuzeni inu, paja zonse mumandiuza ndinu."

M'nyumba yaing'ono ija munali mtsikana dzina lake Nangozo, akuyamwitsa mwana. Nangozo anali mtengwa, mlendo, wobwera kwawo kwa mwamuna wake Dzonzi. Anali asanathe ndi dzinja limodzi lomwe pamudzipo. Anamva zonse. Anamva kuti mkulu amene mudzi wonse unkamuopa, nayenso ali ndi mantha. Anamvanso kumene mkuluyo amatenga nzeru.

Mumvetse, ana inu. A Kaphwiti ndiwo ankathira nsembe padooko, potungira madzi paja. Munthu sankadula bango pamenepo, sankakhoma mtengo, sankasuntha mwala, iwo asananene. Ndipo iwo sankanena za m'mutu mwawo ayi. Ankanena zimene mizimu yawalotetsa.

Tsono Nangozo anali ndi chinthu mumtima. Kwawo, bambo ake ankaluka miono yogwirira nsomba, ndipo iye anakula akuwang'ambira nsungwi. Ankaganiza kuti, "Nsungwi imatsekera nsomba m'kati. Singatsekere ng'ona kunja? Tikhome mitengo m'madzi, tiluke mpanda, amayi azitungira m'kati."

Anauza mwamuna wake. Asanamalize, Dzonzi anamutseka pakamwa ndi dzanja.

"Mayi a mwana, ukufuna kufa?"

"Ndalakwa chiyani?"

"Kunabwera mlenje kuno. Anafika m'mawa, masana waima kale pabwalo. Akuti, 'Ng'ona yanuyi ndikuidziwa. Imagona apa, imadzera apa, ndikutcherani msampha.' Anthu anayang'anana. Akuti, 'Wafika lero, waidziwa bwanji? Ndi yako! Waituma ndiwe!' Anamumwetsa mwabvi. Sanasanze. Dzuwa lisanalowe tinali titamukwirira. Uyo anali mwamuna, wa uta ndi mivi. Nanga iwe?"

Nangozo anasinkhasinkha. Kunena, ndi mwabvi. Kusanena, ndi dooko m'mawa uliwonse, pakuti mtengwa sakana mtsuko.

Kudooko amayi ankapita gulu, koma opanda phokoso. Madzi ake anali akuda, odekha. Chikuni chikayandama, onse ankathawa. Chule akalumpha, onse ankakuwa. Potunga ankaimba chonong'ona:

Tunga, tunga, usawerame,
Mwini madzi ali maso.
Tunga, tunga, uthawe msanga,
Mwana akulira kumudzi.

Nangozo ankaimba nawo, mwana kumsana. Ankabwerera ndi mtsuko wosadzaza, madzi atathera m'njira.

Tsiku lina anazimitsa dala moto wake. Anatenga phale, ulendo kwa a Nakwenda. Anagwada pakhomo.

"Odi, amayi. Ndadzapala moto."

"Ndiwe yani?"

"Mkazi wa a Dzonzi."

"Moto uli apo."

Basi. Sanamuyang'ane ndi kumaso komwe. Nangozo anapala moto, anathokoza, nachoka. Za mpanda sananene.

Anapitanso, atasenza theka la madzi ake. Anathira mu mtsuko wa a Nakwenda umene unali gwa, wouma. Mayiwo anangoti, "Ika apo." Za mpanda sananene.

Anapitanso. Ulendo uno anaona kuti mayiwo akuyenda chotsimphina, zala za kumapazi zitatupa.

"Amayi, si matekenya amenewo?"

"Ankandichotsa ndi mwana wanga. Maso anga saonanso."

Nangozo anathyola munga. Anaika phazi la mayiwo pamwendo pake, nayamba kutokosa pang'onopang'ono. A Nakwenda anatukwana, anamukwapula ndi chikho, kenaka anayamba kulankhula. Anasimba za mwana wawo, mmene ankasekera, mmene ankatsukira mbale akuvina, mmene anthu anapezera nsalu yake yokha itakodwa pabango. Analira. Mawu a mpanda anakwera mpaka pakhosi pa Nangozo. Anakumbukira mlenje uja. Anawameza.

Ndiye anazolowerana. Nangozo ankawaperera fodya wa m'mphuno. A Nakwenda ankamulandira mwana, kumamuseka kuti, "Mphuno iyi ndi ya Dzonzi, tsoka lake." A Kaphwiti akamadutsa, chimanga chopserera chili m'manja, Nangozo ankagwada n'kuwomba m'manja. Poyamba mkuluyo ankangodutsa. Pambuyo pake anayamba kuyankha kuti, "Zikomo, mtengwa."

Kuseri kwa nyumba yaikulu kunali kachithaphwi kosambiramo abakha a a Nakwenda. Tiana ta abakhawo tinkatha. Ng'anzi inkatuluka m'tchire, psiti, n'kumeza kamodzi. Mawa lake psiti, kenanso.

"Mumtsinje ng'ona, kuseri ng'anzi," anadandaula mayiwo. "Ine ndinalakwira buluzi uti?"

Nangozo anang'amba nsungwi. Anakhoma timitengo m'matope mozungulira kachithaphwiko, naluka kampanda kothithikana ngati mono. Ng'anzi inabwera. Inazungulira, inakanda, inalowetsa lilime, inazunguliranso. Kenaka inabwerera m'tchire ndi njala yake. A Nakwenda anaseka mpaka kutsokomola. Nangozo anaseka nawo. Koma za mpanda waukulu sananene.

Chimene chinamugwetsa m'mavuto ndi mantha ake omwe. Poopa kuwerama, anamangirira chikho kunsonga ya nsungwi yaitali kuti azitunga ataima patali. M'mawa wina akutunga choncho, madzi anang'ambika pakati. Phuu! Pamene akanaponda iye panali mbuzi ikumwa. Mbuzi inalira kamodzi kokha. Madzi anafiira, kenaka anadekhanso.

Amayi anathawa, mitsuko phwaa, phwaa! Atafika pamtunda anaima, n'kutembenuka. Onse maso pa Nangozo ndi nsungwi yake.

"Anadziwa bwanji kuti ibwera?"

"Ife timawerama, iye amaima patali. Anamuuza ndani?"

"Yamulambalala! Mwaona? Yamulambalala!"

"Mlendo ameneyu!"

Pofika masana, amuna anali atalowa m'thengo kukasenda makungwa a mwabvi. Dzonzi anabwera akuthamanga, thukuta kamukamu.

"Manga katundu, tithawe!"

"Tidzera kuti? Njira ya kwathu ndi yowoloka mtsinje."

Dzonzi anakhala pansi, manja m'mutu. Nangozo anabereka mwana, ulendo kwa a Nakwenda. Sanathe ndi kuodira komwe. Anagwa pamapazi awo, mapazi omwe aja, nanena zonse: za bambo ake ndi miono, za mitengo yokhoma m'madzi, za amayi otungira m'kati. Mawu ankatuluka chodukizaduka.

A Nakwenda anamuyang'ana nthawi yaitali. Anayang'ananso kuseri, kwa abakha.

"Mwanawe, zonsezi unali nazo m'mimba? Bwanji sunanene tsiku lija unadzapala moto?"

"Mukanandimvera, amayi?"

"Ine? Ndikanakuitanira anthu ndine." Anakoka fodya, nayetsemula. "Koma mfiti sigwira phazi lonunkha ngati langali. Tamvera. Mawu amenewa asatuluke pakamwa pako. Asatulukenso pakamwa panga. Padooko pamayenda maloto okha. Pita ukaphikire mwamuna wako."

Kuphika? Chakudya chinakana kulowa. Kutacha, Nangozo anali atatsamira bango la khoma, khutu lili tcheru. Kubwalo kunkamveka mtondo: gu, gu, gu. Ankasinja mwabvi.

"A Kaphwiti," anamveka mawu a mayi aja, "usiku mwandisowetsa tulo. Mumabwebweta."

"Ine? Ndimati chiyani?"

"Mumati, 'Mpanda, mpanda! Khomani mitengo m'madzi, lukani ngati mono!' Mawu ake sanali anu. Anali a malemu amalume anu, a chibwibwi aja."

"Amalume?"

"Eya. Anatinso woluka wake ndi mlendo wa mwana kumsana."

Gu, gu, gu, mtondo kubwalo.

"A Nakwenda," anatero mkuluyo pang'onopang'ono, "mzimu umenewu si uja umachotsa matekenya?"

"Mukufuna kufunsa, kapena mukufuna kudzadyanso chophika?"

Pabwalo anthu anali atadzaza. Chikho cha mwabvi chinali pakati, madzi ake ofiirira. Amuna awiri anamugwira Nangozo m'mikono, wina namulanda mwana. Ndiye a Kaphwiti anatulukira ndi ndodo yawo.

"Ndalota," anatero.

Anafotokoza zonse mwa mawu aakulu, ngati anazionadi ndi maso. Koma anthu sanakhutire. Mwini wake wa mbuzi yogwidwa ija anaimirira.

"Zamveka, akulu. Koma ngati ng'onayo ndi yake? Aluka mpanda, aiuza kuti ipume kaye, ife n'kumati tapulumuka."

Anthu anavomera, "Eee, n'zoona!"

A Kaphwiti anayang'ana kwa akazi awo, koma mayiwo anali atazyolika.

"Chabwino. Aluke. Akatha, alowe yekha m'madzi mpaka m'chiuno. Ng'ona sigwira mwini wake. Ikapanda kubwera, ndi yake, amwa mwabvi. Ikabwera kudzamugwira, si yake."

"Nanga mpanda ukathyoka?" analira Dzonzi.



Mwamva, ana inu? Munthu kumapempha kuti ng'ona ibwere kwa iye!

Ntchito inayamba. Amuna ankakhoma mitengo ali m'mabwato, ena akumenya madzi ndi nkhafi, ena akuimba ng'oma kuti chilombo chitalikire. Nangozo ankaluka pamtunda. Ankaluka, n'kukoka, n'kumasula, n'kulukanso. Zala zinachekeka, nsungwi zinafiira. Palibe mayi anabwera kudzamuthandiza, kupatula a Nakwenda amene anakhala pambali pake akupota luzi, mwana ali pamwendo. Mfundo iliyonse Nangozo ankaimanga kawiri. Atatha, amuna anatsitsa mpandawo m'madzi, naumangirira kumitengo, pansi pake nasanjikiza miyala.

Kenaka ng'oma zinaleka. Mabwato anatuluka. Anthu onse anakwera pamtunda.

Nangozo analowa. Madzi m'mapazi. Madzi m'mawondo. Madzi m'chiuno. Anali ozizira ngati manja a maliro. Anaima, chikho m'manja, maso pamtsinje.

Palibe chinabwera.

Dzuwa linakwera. Palibe chinabwera. Kumtunda kunayamba manong'onong'o. "Mwaona? Ikumudziwa." Munthu wina anatumidwa kukatenga mwabvi uja. Nangozo anamva mapazi ake akupita, anamvanso akubwerera.

Ndiye anachita chimene mayi aliyense wa pamudzipo ankaletsa mwana wake. Anawerama. Anawerama mpaka chibwano kukhudza madzi, namenya madziwo ndi chikho, phava, phava, ngati mbuzi ikumwa. Anaimba mokweza:

Tunga, tunga, ndawerama,
Mwini madzi, uli kuti?

Patali panatuluka timaso tiwiri. Tinamira. Tinatulukanso pafupi. Tinamiranso.

Khooo! Mpanda wonse unagwedezeka. Nsungwi zinapindika mpaka kumukhudza pamimba. Nangozo anaona mano, achikasu, atakodwa pakati pa nsungwi. Anamva fungo la m'kamwa mwake, la nyama yoola. Ng'ona inabwerera m'mbuyo. Khooo! Mfundo imodzi inaduka, thu! Yachiwiri inagwira. Inamenya ndi mchira, madzi anafika mpaka pamtunda. Inazungulira, inakanda, inazunguliranso. Kenaka inamira, n'kupita.

Dzonzi ndiye analumphira m'madzi n'kumunyamula mkazi wake, pakuti yekha sakanatha kutuluka. Mwini mbuzi uja anatenga chikho cha mwabvi, nakachikhuthulira kudzala, osayang'ana munthu. Amayi anayamba kulowa mumpanda mmodzimmodzi, akugwirana nsalu. Anatunga mitsuko yodzaza, mpaka kusefukira.

Madzulo ake a Nakwenda anaphika chinangwa ndi mlamba wowamba. Anaika pakhonde, nabwera ndi madzi osamba m'manja, ambiri, osaumira. A Kaphwiti anasamba, nanunkhiza mbale.

"Mchere mwathira?"

"Lawani. Kapena mudikire amalume anu akulotetseni."

"Mayi inu pakamwa! Khalani pansi apa, tidye."

A Nakwenda anakhala. Anabenthula chinangwa, chachikulu napatsa amuna awo.

Yanga yathera pomwepa, ana inu, fukulani mbatata zanu paphulusapo zisanasanduke makala. Nzeru ukhale nayo, koma uyambe wadziwana nawo eni bwalo usanaitulutse.